Bwalo la Hialeah, kumene mahatchi anachoka juga n'kutsala

Malemu malume anga anagwira ntchito yophika m'nyumba ya azungu ku Harare kwa zaka zambiri, m'masiku amene mzindawo unkatchedwa Salisbury, ndipo atabwerera kumudzi anabwera ndi zinthu ziwiri zimene sanasiyane nazo mpaka tsiku la imfa yawo: jekete lokhuthala lotuwa ndi nkhani za mjaha wa mahatchi wa ku Borrowdale. Madzulo tikamaotha moto ankatisimbira mmene nthaka inkanjenjemerera mahatchi akamakhota pa ngodya yomaliza, ndi mmene anthu ovala mataye ankaiwalira ulemu wawo n'kuyamba kukuwa ngati ana. Ife, amene hatchi tinkangoiona pa chithunzi m'buku la kusukulu, tinkamvetsera kukamwa kuli yasa. Chimene malumewo sankatiuza, chimene mayi anga anandinong'oneza ine nditakula, n'chakuti gawo lalikulu la malipiro awo linkathera kubwalo komweko, ndipo jekete lija ndilo chuma chokha chimene zaka zonse zija zinawasiyira.

Ndinawakumbukira malumewo pamene ndinakacheza kwa mlongo wanga ndi amuna ake ku Miami, m'chigawo cha Florida ku America. Nditamva kuti pafupi pomwepo pali bwalo la mahatchi la Hialeah Park, limene anthu ambiri okonda masewerawa ankati ndilo lokongola koposa m'dzikomo, ndinapempha kuti andiperekeze. Alamu anga anaseka. "Alamu, ngati mukufuna kuona hatchi, kumeneko mukangotaya nthawi," anatero. "Mukapezako makina a juga ndi mbalame basi." Tinapitabe, pa sitima yapamtunda ya Metrorail imene imaima pa siteshoni yoyandikana ndi mpanda wa bwalolo, ndipo zimene alamuwo ananena zinali zoona ndithu.

Munthu akalowa pachipata amaona mitengo italiitali ya migwalangwa yondandalikana ngati asilikali, kenaka nyumba yaikulu ya makoma okutidwa ndi zomera zoyanga ndi maluwa ofiirira, yokhala ndi makwerero aakulu a miyala amene amakhota pokwera. Pakati pa kadziwe kamodzi paima chiboliboli cha mkuwa cha hatchi yotchedwa Citation. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana mitsempha ya m'miyendo yake ndi makutu ake otcherawo, ndipo ndinazindikira pambuyo pake kuti imeneyo ndiyo hatchi yokhayo imene ndinaiona ndi maso pamalo ponsepo tsiku limenelo.

Anthu ambiri amene amadandaula za bwaloli amanena kuti kasino, nyumba ya makina a juga ija, ndiye analipha, ngati mmene mtengo wa kachere umamerera pa mtengo unzake, n'kuukulunga pang'onopang'ono mpaka mwiniwake wa malowo ataumira m'kati. Inenso ndinafika ndi maganizo omwewo. Koma mbiri ya Hialeah, munthu akaitsata bwino kuchokera pachiyambi, imaonetsa kuti juga sinabwere ngati mlendo pamalopa. Inalipo asanaumbe njerwa yoyamba ya nyumba yokongolayo.

Dera la Hialeah linali dambo lodyetserako ng'ombe kufikira pamene anthu awiri, James Bright woweta ng'ombe ndi Glenn Curtiss katswiri wopanga ndege, anayamba kuligawa m'mapoloti ndi kuligulitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, nthawi imene anthu a kumpoto kwa America ankalimbirana malo ku Florida ngati kuti mawa lake nthaka itha. Mu 1922 panatsegulidwa bwalo la mjaha wa agalu, ndipo pa 15 January 1925 gulu la Miami Jockey Club linachititsa mjaha woyamba wa mahatchi. Kubetcha kunali koletsedwa ndi lamulo la Florida pa nthawiyo, koma anthu ankabetchabe m'njira zozembera, pakuti panalibe amene akanayenda ulendo wonsewo kukangoonerera nyama zikuthamanga. Mu September 1926 namondwe woopsa anasakaza Miami ndi madera ozungulira, msika wa malo unagwa chagada, ndipo bwalolo linatsala lili wefuwefu.

Amene analidzutsa anali Joseph E. Widener, mpondamatiki wa ku Philadelphia, amene bambo ake analemera ndi masitima a m'misewu ya m'mizinda, ndipo mkulu wake George anali mmodzi mwa anthu amene anamira ndi sitima ya pamadzi ya Titanic mu 1912. Widener anagula bwalolo mu 1930. Mnzake amene anaikamo naye ndalama anali Edward R. Bradley, ndipo dzina limeneli ndilo linandisinthitsa maganizo. Bradley anali woweta mahatchi wodziwika ku Kentucky, amene mahatchi ake anapambana kanayi mjaha wotchuka wa Kentucky Derby, koma analinso mwini wa Beach Club ku Palm Beach, nyumba ya juga ya anthu olemera imene inayenda zaka zoposa 40 ngakhale kuti lamulo silinkalola, akuluakulu a boma akuyang'ana kumbali. Kunena kwina, ndalama za kasino zinali kale m'maziko a bwaloli zaka zoposa 80 kasino wa lero asanatsegulidwe.

Widener ankadziwa kuti kumanga nyumba yaikulu popanda chilolezo chobetcha kunali kuthira madzi m'dengu. Iye ndi anzake analimbikira kunyengerera aphungu a nyumba ya malamulo ya Florida, ndipo mu 1931 lamulo lololeza kubetcha pa mijaha linadutsa. Bwanamkubwa Doyle Carlton analikana, koma aphungu anavotanso n'kumugonjetsa. Chimene chinafewetsa mitima ya aphungu a m'madera akumidzi, kumene anthu opemphera ankadana kwambiri ndi juga, chinali lonjezo lakuti msonkho wochokera ku mijahayo uzigawidwa mofanana kwa maboma onse 67 a m'chigawocho, kaya ali ndi bwalo kaya alibe. Dzikoli linali pa mavuto aakulu a zachuma, ndipo boma laling'ono limene linkalephera kulipira aphunzitsi silikanakana ndalama chifukwa chakuti zachokera kwa otchova juga a ku Miami. Bwalo latsopanolo, lojambulidwa ndi mmisiri wachinyamata Lester Geisler, linatsegulidwa pa 14 January 1932.

Kubetcha kumene kunaloledwako kuli ndi kayendedwe kake, ndipo n'kofunika kukumvetsa kuti kusiyana kwake ndi makina a lero kuoneke. Njirayi imatchedwa pari-mutuel, ndipo anaiyambitsa ndi Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860. Ndalama zonse zimene anthu abetcha pa mjaha umodzi zimaikidwa mu thumba limodzi. Eni bwalo ndi boma amatapapo gawo lawo. Zotsalazo zimagawidwa kwa amene analosera molondola. Ngati anthu ambiri aunjikana pa hatchi imodzi, ikapambana aliyense amalandira zochepa. Ngati yapambana imene anthu ankainyoza, ochepa amene anaikhulupirira amachoka matumba atatupa. Choncho wobetcha salimbana ndi mwini bwalo koma ndi anzake okhala nawo pa benchi, ndipo mwini bwalo alibe nazo kanthu kuti yapambana ndi iti, popeza gawo lake watenga kale. Kuti anthu azidziwa mmene thumba likusinthira, Widener anaitanitsa kuchokera ku Australia chimakina chowerengera matikiti chotchedwa totalisator, chimene chinkaonetsa mitengo pa chikwangwani chachikulu mpaka mphindi imene mahatchi akunyamuka.

Ndalama za m'thumba limenelo ndizo zinalipira zokongola zonse zimene anthu amazilira lero. Zinalipira minda ya maluwa, njira ya udzu yothamangamo mahatchi, ndi nyanja yokumba pakati pa bwalo, m'mene Widener anaikamo mbalame za flamingo zimene anaitanitsa ku Cuba mu 1934. Mbalamezi zinazolowera, zinayamba kuswana pa zisumbu za m'nyanjamo, ndipo m'kupita kwa nthawi bungwe la Audubon Society linazindikira malowo ngati malo otetezera mbalame zimenezi. Pa masiku a mjaha ankaziutsa kuti ziuluke mozungulira bwalo anthu akuomba m'manja. M'nyengo yozizira, pamene mabwalo a ku New York ndi ku Kentucky ankakhala atakutidwa ndi chipale, eni mahatchi ankatsikira kuno ndi nyama zawo zabwino koposa, ndipo anthu olemera a ku Palm Beach ankabwera pa sitima yapadera imene inkawatsitsa pafupi ndi chipata. Seabiscuit inathamanga mjaha wake woyamba pano mu January 1935, isanadziwike ndi aliyense. War Admiral inapambana pano mu 1938. Winston Churchill anadzaonerera mu 1946. Citation, ya chiboliboli chija, inapambana mjaha wa Flamingo Stakes mu 1948, ndipo chaka chomwecho inakatenga mijaha yonse itatu ikuluikulu ya ku America imene amaitcha Triple Crown. Seattle Slew inabwereza zomwezo mu 1977.

Pa zonse zimene zinachitika m'zaka za ulemererozo, nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Flamingo Stakes ya 1966. Chaka chimenecho panali hatchi yotchedwa Buckpasser, imene aliyense ankaona kuti palibe ingaiphe liwiro. Vuto linali lakuti lamulo linkakakamiza bwalo kupereka kaphindu kena kake kochepetsetsa kwa aliyense wopambana, ngakhale thumba litapanda kukwanira. Anthu onse akanabetcha pa Buckpasser, ndipo iyo n'kupambanadi, eni bwalo akanayenera kupisa m'thumba mwawo kuti alipire. Mwini bwalo pa nthawiyo, Eugene Mori, analamula kuti mjaha waukulu wa chakacho uchitike popanda kubetcha. Anthu amene anadzaza bwalo tsiku limenelo anali ndi mwayi woona imodzi mwa mahatchi amphamvu koposa a m'badwo umenewo, ndipo mjahawo unali wokoma zedi, pakuti Buckpasser inapambana Abe's Hope ndi mphuno chabe pa mzere womaliza. Koma khamulo linakwiya, linakuwiza eni bwalo, ndipo atolankhani anaupatsa mjahawo dzina lonyoza lofanizira eni bwalo ndi nkhuku yamantha. Hatchi inalipo, liwiro linalipo, dzuwa ndi mbalame zinalipo. Chimene chinachotsedwa chinali tikiti yokha, ndipo anthu anamva ngati aberedwa. Ine ndimaona kuti tsiku limenelo khoswe wa padenga anaulula wa padzala: zimene zinadzachitika patapita zaka 50 zinaonekera poyera masana amenewo.

Sindikunena kuti panalibe okonda hatchi mwa iyo yokha, kapena kuti pabwaloli sipanachitike zinthu zolemera kuposa ndalama. Pa 7 February 1969, Diane Crump, mtsikana wa zaka 20, anakhala mkazi woyamba ku America kukwera hatchi pa mjaha wobetcherana wa mtundu umenewu, ndipo anachita kuperekezedwa ndi apolisi podutsa m'khamu la amuna omukuwiza kuti abwerere kukhitchini. Sanapambane tsikulo, koma chaka chotsatira anakhalanso mkazi woyamba kukwera pa Kentucky Derby.

Kutsika kwa Hialeah kunayamba kasino asanalotedwe n'komwe. Kumpoto kwa Miami, pafupi ndi nyanja ndi mahotela a alendo, kunali bwalo lina la Gulfstream Park, limene linatsegulidwa mu 1939 n'kutseka patangopita masiku anayi, koma linadzukanso mu 1944; mu 1971 panabweranso la Calder. Mabwalowa ankakanganirana miyezi ya January mpaka March, pamene alendo a ndalama amakhala atadzaza Florida, ndipo boma ndilo linkagawa masikuwo. Pa nthawi yomweyo mzinda wa Hialeah unasintha nkhope. Fidel Castro atatenga boma ku Cuba mu 1959, ndiponso pa nthawi imene anthu ankathawa ku Cuba pa maboti ochokera pa doko la Mariel mu 1980, anthu zikwizikwi a ku Cuba anadzakhazikika kuno, n'kuusandutsa mzinda wa anthu ogwira ntchito m'mafakitale, kumene Chisipanishi chimamveka paliponse kuposa Chingerezi. Mbalame za ku Cuba olemera aja ankaziombera m'manja, koma anthu a ku Cuba atafika, ambiri mwa olemerawo anayamba kuona kuti ulendo wa ku Hialeah watalika, ndipo Gulfstream inali pafupi ndi kwawo. Kenaka wotchova juga anayamba kupeza makomo ena: a fuko la Seminole, amwenye a ku Florida, anatsegula holo yaikulu ya bingo, juga ya manambala, ku Hollywood kumpoto kwa Miami mu 1979, ndipo boma la Florida linayambitsa lotale yake mu 1988, ya matikiti ogulitsidwa m'sitolo iliyonse.

John Brunetti, womanga nyumba wa ku New Jersey amene anagula bwaloli mu 1977, anatha zaka zoposa 20 akulimbana ndi anzake a mabwalo enawo m'makhoti ndi ku nyumba ya malamulo. Mu 1979 malowo analembedwa m'kaundula wa dziko wa malo a mbiri yakale, koma ulemu umenewo sudzaza thumba la mjaha. Boma litasiya kugawa masiku, mabwalo enawo anatenga chaka chonse, ndipo Hialeah inatsala manja ali lende. Mjaha womaliza wa mahatchi a mtundu wa Thoroughbred, amene ndiwo amathamanga mijaha ikuluikulu, unachitika pa 22 May 2001, ndipo anapambana ndi hatchi yaikazi yotchedwa Cheeky Miss. Chiphaso cha mijaha chinadzalandidwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, makola akale a mahatchi anagwetsedwa, ndipo mu 2007 bungwe la National Trust for Historic Preservation linaika Hialeah pa mndandanda wa malo 11 a mbiri amene anali pa chiopsezo chachikulu ku America. M'zaka zonsezo mbalame zija ankazidyetsabe.

Mmene kasino anafikira ndi nkhani ya malamulo, ndipo ili ndi kupotoka kwake. Mu 2004 anthu a ku Florida anavotera kusintha malamulo aakulu a chigawocho kuti makina a juga aloledwe pa mabwalo obetcherana a m'maboma a Miami-Dade ndi Broward, poganiza kuti phindu la makinawo lizithandiza sukulu ndi kukweza mphoto za mijaha. Koma mwayiwo unali wa mabwalo okhawo amene ankachititsa mijaha m'zaka ziwiri zam'mbuyo mwake, ndipo Hialeah inali yotseka. Lamulo lina la mu 2009 linatsegula kakhomo: bwalolo likanatha kupeza makina ngati litayambiranso mijaha, ngakhale ya mahatchi a mtundu wa Quarter Horse, amene amathamanga mtunda wa mamita pafupifupi 400 m'kanthawi kongopitirira masekondi 20. Pa 28 November 2009 zipata zinatsegulidwanso ndipo anthu zikwizikwi anabwera, ena akugwetsa misozi. Kasino anatsegulidwa mu August 2013, ali ndi makina oposa 800 ndi matebulo a poker, juga ya makhadi, m'chigawo china cha nyumba yakale ya owonerera.

Kuyambira pamenepo zinthu zinatembenuka. Kale kubetcha kunkafuna hatchi kuti pakhale chobetcherapo. Tsopano hatchi inkafunika kuti chiphaso cha makina chisalandidwe, basi. Mijaha imadya ndalama zambiri, za mphoto, za madokotala a ziweto, za osamalira njira, pamene makina amangofuna magetsi. Cha m'ma 2017 mijaha ya pa Hialeah inali itasanduka ya mahatchi awiri okha othamanga kamtunda kafupi, pamaso pa mipando yopanda anthu, pongofuna kukwaniritsa chiwerengero chimene lamulo linkafuna, ndipo oweta mahatchi enieni anadandaula poyera kuti zimenezo zinali zachiphamaso. Brunetti anamwalira mu 2018, loto lake lobwezeretsa ma Thoroughbred lisanakwaniritsidwe. Mu 2021, pamene boma la Florida linkapangana mgwirizano watsopano wa juga ndi a Seminole, aphungu anamasula mabwalo ngati la Hialeah ku lamulo lowakakamiza kuchititsa mijaha, ndipo mahatchi awiri ajanso anapita.

Kunena chilungamo, popanda kasino n'kutheka kuti nyumbayi bwenzi pano atagwetsa n'kumangapo masitolo, monga zachitikira mabwalo ena ambiri ku America. Denga lake silikudontha, maluwa akuthiriridwa, mbalame zikudya, ndipo anthu a mumzindawo akupezapo ntchito. Zonsezi amalipira ndi makina, monga momwe thumba la mjaha linkalipirira kale. Kumene ine ndimaona kusiyana kwenikweni ndi pa nthawi ndi pa nzeru. Pakati pa mjaha umodzi ndi unzake pankadutsa pafupifupi theka la ola, ndipo munthu ankakhala ndi mpata woyang'ana hatchi ikuyendetsedwa, kuwerenga mbiri yake, kukangana ndi mnzake, ngakhale kusintha maganizo n'kubweza ndalama m'thumba. Makina alibe theka la ola. Kompyuta ya m'kati mwake imasankha manambala mwachisawawa, ndipo anaikonza kuti pa ndalama zonse zolowa, gawo lina lizitsalira nyumbayo nthawi zonse. Palibe mbiri yoti uwerenge, palibe mnzako woti umpose nzeru. Ndinaikamo madola 20 kuti ndione mmene zimakhalira, ndipo alamu anga asanabwere kokagula khofi, ndalamayo inali itatha. Malume anga ankatha masana onse a Loweruka kuti aluze zofanana ndi zimenezo, ndipo ankabwerako ndi nkhani yosimba. Achinyamata a kwathu amene amabetcha pa foni usiku wonse ali pafupi ndi makinawa kuposa ndi malume anga.

Tisanachoke tinalowa m'chipinda china chodzaza mawailesi akanema, m'mene amaonetsa mijaha ya m'mabwalo akutali kuti ofuna azibetcha ali pomwepo. Munali amuna ochepa, ambiri a imvi. Mmodzi, wovala shati yoyera yotulutsa kunja ndi chipewa cha udzu, anali atayala pepala la mijaha patebulo, kakapu ka khofi wakuda wa chi Cuba kali pambali, akulemba timizere ndi pensulo yaifupi ngati chala. Mjaha wa ku Gulfstream utayamba pa kanema, anaimirira, anapinda pepala lija n'kuyamba kudzikwapula nalo pantchafu ngati kuti ndiye wakwera hatchiyo, akuikalipira m'Chisipanishi. Kumbuyo kwake, kuseri kwa khoma, kunali njira yeniyeni ya makilomita pafupifupi awiri imene Citation inathamangamo, ndipo iye anali ataifulatira. Hatchi yake inafika yachitatu. Anang'amba tikiti pakati, anakhala pansi, ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, n'kutembenuza tsamba.

Tinakwera pamwamba, pa khonde loyang'ana m'bwalo, dzuwa litapendeka. Chapatali, pakati pa nyanja yokumba ija, mbalamezo zinali zitaima m'madzi osaya, zina ndi mwendo umodzi, zina zitazika mitu pansi zikusefa matope ndi milomo yawo yokhota, ndipo panalibe woziutsa kuti ziuluke. Alamu anga anayang'ana wotchi n'kundikumbutsa kuti mlongo wanga wawaphika nsima ya ufa umene ndinabwera nawo, ndipo sakonda kudikira. Tinatsika makwerero a Widener aja, tinadutsa pa chiboliboli cha Citation, n'kukaima pa siteshoni kudikira sitima yobwerera.